Munthu Amene Anathawa ndi Kavalo

Ine ndi a Namakhwa tinachoka ku Thyolo mvula yoyamba itangogwa, tiyi akuphuka, nthawi imene mzungu wa esiteti safuna kumva zoti dzanja limodzi lasowa m'munda. Ine ndinachoka mwaulemu. Ndinali mkamwini ku Kapichi, ndipo ndinatsanzika kwa mkazi wanga Esinati ndi kwa atsibweni ake. Mwana wathu wamkazi anali asanayambe kukwawa. A Namakhwa anachoka mothawa. Iwo, amayi awo ndi mng'ono wawo Muhiwa ankakhala pa malo a esiteti, ndipo wokhala pa malo a mzungu ankalipira ndi thangata: kuthyola tiyi dzinja lonse, chimanga chako chikufa ndi udzu. Tsiku lina kapitawo anawakwapula pamaso pa amayi awo chifukwa dengu silinadzaze. M'mawa mwake ndinawapeza atakhala pamwala m'njira yotsikira ku Chikwawa, ali ndi kathumba ka makaka.

"Achimwene, ulendo wa kuti?" ndinawafunsa.

"Kumene mukupita inuko."

"Mwatsanzika kunyumba?"

"Ndikanatsanzika sindikanachoka," anatero. "Tiyeni, dzuwa likutipeza."

Za ulendowo sindinena zambiri. Tinawoloka Shire, tinawoloka Zambezi pabwato pafupi ndi Tete, mapazi anatupa mpaka zala kusowa. Tinafika ku Halale titawonda ngati agalu a mlenje, ndipo tinalembedwa ntchito pa mgodi wina wa golide. Ine ndinkakankha ngolo za miyala. A Namakhwa, popeza anali ndi mapewa, anawapatsa makina obowolera thanthwe. Ankatuluka pansi ali mbuu, fumbi lili m'makutu, m'mphuno, ngakhale m'mano. Tinkagona m'komponi, anthu ambiri chipinda chimodzi, nsikidzi zikusinthana nafe mashifiti. Phoso linali ufa wa mgaiwa ndi nyemba, kanyama kamodzi pa sabata.

Chimene chinkatikumbutsa kuti ndife anthu chinali bayisikopo. Loweruka lililonse, dzuwa likangolowa, lole inkalowa m'komponi, n'kupachika chinsalu choyera pakhoma la khitchini. Ine ndinaphunzira pang'ono ku mishoni ya Sabata ku Makwasa, ndipo aphunzitsi athu ankati zinthu zotere n'zachabe. Ndinadziletsa masabata awiri. Loweruka lachitatu a Namakhwa anandikoka mkono. "Sabata lanu latha ndi dzuwa lija. Bwerani mudzaone mzungu akuthamangitsidwa ndi ng'ombe." Ndinapita, ndinamuonadi, buluku litang'ambika kumbuyo, ndipo ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Chichokereni kwathu ndinali ndisanaseke.

Zithunzi za masiku amenewo sizinkalankhula. Olankhula tinali ife. Mshona akukuwa m'chinenero chake, Msena m'chake, ife Alomwe m'chathu, aliyense kuchenjeza munthu wa pansalu kuti cheuka, ali kumbuyo kwako. Mawu a Chingerezi ankatuluka pakati n'kuzimirira tisanawagwire. Komanso azungu ankadula zithunzizo ndi sizasi asanationetse. Munthu ankangokweza chibakera, kenaka mwadzidzidzi onse ali patebulo akudya. Zapakatipo tinkadzaza tokha, ndipo pamenepo m'pamene pankabukira mikangano.

Kope langa linayamba chifukwa cha ndewu. Lamulungu m'mawa tinkachapa zovala pampope. Tsiku lina amuna awiri akuluakulu anagwirana makolala potsutsana ngati chimunthu chonenepa cha m'chithunzi cha mwezi wathawo chinagwera m'chitsime kapena mumtsinje. Titawaleretsa, a Namakhwa anandiyang'ana.

"Inu a kusukulu, pensulo yanu imangolembera akazi makalata basi? Muzilemba zimenezi, anthu asaphane."

Ndinagula kope la chikuto chofiira kusitolo ya pamgodi. Chithunzi chilichonse tinkachipatsa dzina tokha: Akuba Sitima, Mkazi wa pa Mlatho, Galu Wodziwa Njira. Pansi pa dzina ndinkalemba zimene zinachitika, kenaka maganizo a anthu, wakuti anati chakuti, wakuti anatsutsa. Pomaliza pankabwera chiweruzo, ndipo choyezera chake anachipeka ndi a Namakhwa. Chithunzi chabwino kwambiri chinali "nyama". Chapakatikati chinali "nyemba". Choipa, monga zija ankationetsa za kasambidwe ka m'manja, chinali "madeya". Mtonga wina wa kumpoto, a Longwe, kalaliki wa kusitolo, ankabwera kudzatimasulira Chingerezi chimene anakumbukira, ndipo kawirikawiri kumasulira kwake kunkangowonjezera moto. Anthu a zipinda zina anayamba kumabwera ndi zochapa zawo kumpope wathu. Amene anali pashifiti Loweruka ankandigwira malaya: "Tiwerengereni kope, tinali pansi ife."

Ine ndinkalemba zimene maso anaona. A Namakhwa ankaona zimene sizinaonetsedwe. Ankatha kuimirira, malaya onyowa ali paphewa, n'kufotokoza chifukwa chake wakuba uja anayamba kuba, amayi ake anali ndani, anadya chiyani m'mawa. Anthu ankaseka, koma ankamvetsera.

Chaka chachiwiri kunabwera kalata yoyamba ya a Namakhwa, yolembedwa ndi mphunzitsi wina m'dzina la Muhiwa. Ndinawawerengera ndine kuseri kwa khitchini. Inali yaifupi. "Nyumba anagwetsa chifukwa cha kuthawa kwanu. Anatichotsa pamalo. Tili ku Khonjeni. Amayi ali moyo. Musatumize kanthu." Anandiuza kuti ndibwereze, ndinabwereza. Anatenga kalatayo n'kuipinda kanayi. Mwezi wotsatira anatumiza bulangete ndi nsalu kudzera mwa munthu wopita kumudzi. Patapita miyezi, munthu uja anabwerera ku mgodi ndi mtolo womwewo, chingwe chake chisanamasulidwe.

Nthawi imeneyo m'pamene lole inayamba kubweretsa chithunzi chachitali, chodukizadukiza, gawo limodzi Loweruka lililonse. Ife tinachitcha Dziko Lopanda Madzi. Munali amuna awiri, abwenzi, akuyenda m'chipululu ndi kavalo mmodzi. Wina anali ndi chipsera patsaya, n'chifukwa chake tinamutcha Wachipsera. M'gawo lachitatu madzi anawathera. Mnzake uja atagona pamthunzi wa mwala, Wachipsera anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kumasula kavalo, n'kukwera, n'kupita.

Komponi yonse inakuwa. Wina anaponya chitini pansalu.

M'mawa mwake pampope panalibe wotsutsa. Aliyense ankati munthu uja ndi njoka. A Longwe anati ngakhale mawu a Chingerezi anamutchula kuti wachinyengo. Ndinali nditayamba kale kulemba, pamene a Namakhwa analankhula osadzutsa mutu pa zochapa zawo.

"Wapita kukafuna madzi."

"Madzi ati?" anatero a Longwe. "Bwanji sanamudzutse mnzakeyo?"

"Akanamudzutsa akanakangana, n'kufa onse awiri. Kavalo sakanatha kunyamula awiri. Simunaone mmene anamuyang'anira? Munthu woipa sacheuka. Abwera."

"Wamuona ndani akubwera?"

"Ndati abwera. Lembani choncho."

Ndinalemba: Onse akuti Wachipsera ndi njoka. A Namakhwa okha akuti abwera ndi madzi. Ndinadziwa chimene chinkawalankhulitsa, ndipo iwo anadziwa kuti ndadziwa, koma sitinachitchule.

Masabata anapita, Wachipsera osaonekanso. Chithunzi chinatsata anthu ena, akuba ng'ombe, mtsikana wa mwini famu. Lamulungu lililonse wina ankawaseka: "A Namakhwa, madzi aja afika?" Iwo ankangoti, "Chitsime chili kutali." Koma nthawi yomweyo n'kuti chifuwa chitawayamba. Poyamba ankatsokomola m'mawa mokha. Kenaka ankaima kawiri pokwera kuchoka pansi. Tsiku lina pampope analavula, ndipo ndinaona magazi asanawafotsere ndi phazi. Dokotala wa pamgodi anawagogoda pamsana, n'kulemba kapepala koti ntchito yatha, abwerere kwawo. Kunali kutatsala magawo atatu a chithunzi chija.

Ndinawaperekeza kukakwera lole. Anali atavala jekete limene linali litayamba kuwakulira.

"Mudzalembe zonse," anandiuza. "Musadumphe. Musandikometsere. Mukadzabwera mudzandiwerengere."

"Ndikutumizirani kalata."

"Iyayi. Kalata amawerenga ndi ena. Mudzabwere nazo nokha."

Ndinafuna kuwafunsa kuti akafikira kwa yani, koma lole inaliza injini.

Wachipsera anaonekanso m'gawo lomaliza. Anali m'nyumba ya mowa m'tauni ina, atagulitsa kavalo uja, akuseka ndi akuba ng'ombe. Sanafune madzi, sanauze munthu aliyense za mnzake. Pomaliza, pothawa asilikali, anagwa kuchokera padenga, n'kufa. Komponi inaomba m'manja. A Longwe anandimenya paphewa. "Lembani kuti nyama! Ndipo mukawauze achimwene anu aja." Ndinalemba zonse monga ndinalonjezera. Malo a chiweruzo ndinawasiya opanda kanthu.

Ndinakhalako zaka zina zinayi. Ndinkati chaka chino ndipita, chaka chino ndipita. Kope lofiira linadzaza, ndinagula lina, koma pampope sipanakomenso. Anthu ankangogwirizana msanga. Kwathu ndinkatumiza nsalu ndi ndalama ya msonkho, ndipo makalata a Esinati ankabwera, kenaka anayamba kutalikirana, kenaka analeka. Ngolo itandiphwanya zala ziwiri za kuphazi, ndinati basi, ndaona zokwanira.

Pobwerera ndinakwera sitima, chifukwa mlatho wa pa Zambezi unali utamangidwa. Mtsinje umene tinawoloka tikupemphera ndinauwoloka nditakhala pabenchi. Ndinatsikira pa Khonjeni, bokosi pamutu, koma ndinayamba ndapita ku Kapichi. Atsibweni a Esinati anandilandira pabwalo, anandiyalira mphasa, anandifunsa za ulendo mwaulemu wonse. Ulemu umenewo ndi umene unandiuza. Pakhomo pa nyumba imene ndinamanga ndi manja anga panali khasu la mwamuna wina.

"Tinadikira, bambo," anatero mkuluyo. "Munda sufuna nsalu, umafuna munthu."

Esinati anabwera n'kugwada patali, mwana wakhanda ali kumsana. Sanalire, ine sindinakalipe. Anaitana mwana wathu, mtsikana wotha kusenza ndowa, n'kumuuza kuti awa ndi bambo ako. Mwanayo anandipatsa moni wa alendo. Ndinamusiyira diresi limene ndinamugulira, lomwe linali laling'ono kale, ndipo ndinanyamula bokosi langa kubwerera ku Khonjeni.

Sindinavutike kuwapeza a Namakhwa. Telala wina wachisilamu pasiteshoni, Che Amadu, atangomva dzinalo anaseka. "A Bayisikopo? Lamulungu amakhala pakhonde langa lino. Anthu a kuesiteti amadzaza mpaka kunjanji. Nyumba yawo ili kuseri kwa nthochi uko, pakhomo pa mng'ono wawo."

Ndinamufunsa kuti amakamba zotani.

"Zonse za ku Halale. Koma imene anthu amaikonda ndi ya munthu wa kavalo. Amabwera ndi madzi pomaliza. Nthawi zina amafika msanga, nthawi zina amapeza mnzake uja atatsala pang'ono. Zimatengera mmene chifuwa chawadzutsira."

Ndinawapeza atatsamira khoma la kanyumba kawo, akuwothera dzuwa la masana. Mapewa aja anali atatha. Anandiyang'ana kuyambira kuphazi lopunduka mpaka kuchipewa.

"Mwachedwa, a kusukulu."

"Ndachedwa, achimwene."

"Ku Kapichi mwafikako?"

"Ndafikako."

"Ndiye khalani pansi. Tinamva ife. Pepani."

Chapafupi, pansi pa mtengo wa mapeyala, panali mwamuna akuluka dengu lothyolera tiyi. Anali Muhiwa. Anandipatsa moni, n'kubwerera ku nsungwi zake. Ndinamva pambuyo pake kuti mkulu wake atafika akudwala, Muhiwa anamumangira kanyumbako, ndipo mkazi wake ankapereka chakudya tsiku lililonse. Koma zaka zinayi zonsezo mawu a pakati pa abale awiriwa anali "mwadzuka bwanji" ndi "chakudya icho". Amayi awo anamwalira mwana wawo wamkulu asanafike.

Titamwa thobwa, a Namakhwa anatambasula dzanja. "Kope lija."

Ndinalitulutsa m'bokosi. Ndinayang'ana kwa Muhiwa, n'kunena chapansipansi kuti mwina tilowe m'nyumba.

"Werengani pompano. M'nyumba muli mdima."

M'sitima monse ndinkaganiza zoti ndidzawanamize. Zikanavuta chiyani? Iwo sankadziwa kuwerenga. Koma nditaona nkhope yawo ndinakumbukira kuti munthu uyu ankadziwa bodza la pansalu lisanafike n'komwe. Ndinawerenga monga ndinalembera: nyumba ya mowa, kavalo wogulitsidwa, kuseka kuja, denga, kugwa.

Nditamaliza a Namakhwa anatsokomola nthawi yaitali.

"Sanafunseko n'komwe za chitsime?"

"Iyayi."

"Mwina anadula ndi sizasi pamenepo."

"Mwina," ndinatero. Koma iwo anapukusa mutu okha.

"Iyayi. Sanadule. Sanabwerere basi."

Nsungwi zinali zitasiya kulira. Muhiwa anali ataika dengu pansi.

"Alendo," anatero, akuyang'ana ine, "ndifunse nawo. Nkhani imeneyi ndaimva zaka zinayi. Sindipita pakhonde la telala, koma ana amabwera nayo, akazi kumtsinje amabwera nayo. Aliyense wa kavalo, wa kavalo. Abwera, sabwera. Nanga wosiyidwa pamwala uja? Atadzuka n'kupeza kavalo palibe, anatani?"

Ndinatsegula masamba kubwerera m'mbuyo. Ndinafufuza gawo lachinayi, lachisanu. Za Wachipsera ndinali nditadzaza masamba asanu ndi limodzi, mikangano yonse ya pampope. Za mnzakeyo ndinapeza mzere umodzi, ndipo ndinauwerenga mwamanyazi: "Winayo anadzuka nayenda pansi."

"Basi?"

"Basi."

"Anayenda pansi," anabwereza Muhiwa. Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. "Ndiye lekani ndikuuzeni mmene amayendera pansi, poti olemba sanalembe."

Sanakweze mawu. Anasimba za m'mawa umene kapitawo anabwera ndi amuna anayi ndi zingwe, n'kumanga mzati wa nyumba, n'kukoka. Anati amayi anakana kutuluka mpaka denga litayamba kupendekeka. Chimanga chinali chitamasula ngayaye, ndipo anachitchetcha iwo akuona. Mvula inkagwa. Amayi miyendo inali itatupa, choncho anawabereka kumsana ndi nsalu ngati mwana, mphika m'dzanja limodzi, nkhuku m'dzanja lina, kutsika ndi kukwera mapiri a tiyi mpaka ku Khonjeni. Midzi iwiri inawakana poopa mzungu. Anagona m'chisakasa cha anthu ena mpaka dzinja kutha, akudya makaka opempha.

"Panjira ponse amayi ankangofunsa chinthu chimodzi," anatero. "Ankati, kodi mkulu wako anatenga chofunda? Ine ndawabereka, msana ukuthyoka, iwo akudandaula za chofunda cha inu. N'chifukwa chake bulangete lanu ndinalibweza. Amayi sanalione. Ndinawauza kuti simunatumize kanthu. Anamwalira akudziwa choncho. Limenelo ndi tchimo langa, ndipo ndakhala nalo."

Aka kanali koyamba kuwayang'ana mkulu wake m'maso. A Namakhwa misozi inkangotsika, osaipukuta. Anayesa kudzuka, miyendo inakana, ndiye anangokwawa ndi mawondo mpaka pamene panali mng'ono wawo.

"Muhiwa, mwana wa amayi. Sindinapite kukafuna madzi ine. Ndinathawa chikoti basi. Za inu ndinaganiza nditawoloka kale Shire. Ndinalakwa."

"Ndimadziwa," anatero Muhiwa. "Ndimangofuna mutanena, osati kumangotuma wa kavalo kuti akunenereni." Anawagwira m'khwapa n'kuwakhazika pampando wake. "Dzukani pafumbi apa, chifuwa chingakule."

Tsiku limenelo mkazi wa Muhiwa sanapititse chakudya ku kanyumba kaja. Tinadyera pamodzi atatu pansi pa mpeyala, kalongonda ndi chinangwa. Abale awiriwa anayamba kukumbutsana za amayi awo, mmene ankatukwanira mbuzi m'Chilomwe, ndipo anatsutsana za mtundu wa mbuzi ina mpaka Muhiwa anamenya dengu.

Ine ndinalibe kopita, ndipo Muhiwa anandiuza kuti ndigone kwa mkulu wake mpaka nditapeza pokhala. Ndinakhala nawo miyezi isanu ndi iwiri, ndikugwira ntchito yoyeza masamba ku esiteti ina. Lamulungu tinkawanyamula pampando kupita pakhonde la Che Amadu, ine mbali ino, Muhiwa mbali inayo. Ine ndinkawerenga m'makope zithunzi zimene iwo sanazione, iwo n'kumazikonza, anthu n'kumatsutsa. Ya kavalo sanaikambenso, ngakhale anthu ankaipempha.

A Namakhwa anamwalira mvula ili pafupi kugwa. M'mawa wa tsiku lawo lomaliza Muhiwa anawabereka kumsana kuwatulutsa panja, chifukwa ankafuna dzuwa. Ali kumsanako ndinawamva akufunsa, mawu atatsala pang'ono:

"Ndikulemera?"

"Amayi ankalemera kuposa inu," anatero Muhiwa. "Gwirani bwino khosi."